Chiboliboli cha Balot ndi alimi a ku Lusanga

Chiboliboli cha Balot ndi chosema cha mtengo chomwe Apende a ku Congo adasema cha m'ma 1931. Chidasemedwa m'chifanizo cha Maximilien Balot, wantchito wa boma la atsamunda la Belgium, yemwe adaphedwa pomwe anthu adaukira ntchito yokakamiza ndi msonkho. Lero chosemachi ndi katundu wa Virginia Museum of Fine Arts mumzinda wa Richmond ku America, imodzi mwa nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zaluso, zomwe ku Mozambique zimadziwika ndi dzina lochokera ku Chipwitikizi loti muzeu.

M'mamuzeu a ku Ulaya ndi ku America muli zinthu zambirimbiri za ku Africa zomwe zidatengedwa m'nthawi ya atsamunda kapena zaka zotsatira. Maboma akhala akukambirana zoti zibwezedwe, koma aluso a ku Africa sadadikire maboma. Ena apanga makanema, ena aumba, ena asema. Nkhani ya Balot imasiyana ndi zina chifukwa oyankhawo ndi alimi komanso antchito a m'minda ya kampani, ndipo chomwe akufuna kwenikweni pa chosemachi ndi nthaka ya makolo awo.

Sopo wa Sunlight ndi mudzi wa Lusanga

Mu 1911 William Lever, mwini kampani ya sopo ya Lever Brothers ya ku England, adapangana ndi boma la Belgium kuti apatsidwe malo ku Congo. Sopo wake wotchuka anali Sunlight, yemweyu amene mpaka lero amapezeka m'magolosale ndi m'misika ya m'malire. Popanga sopo pankafunika mafuta ambiri a zipatso za kanjedza, mafuta ofiira omwe pa Chiswahili amati mawese. Panganolo lidalola kampani yatsopano ya Lever, Huileries du Congo Belge, kusankha malo ofika mahekitala 750,000 m'zigawo zisanu. Chigawo chimodzi chinali m'mbali mwa mtsinje wa Kwilu, kufupi ndi tauni ya Kikwit, pamudzi wa Lusanga. Mudziwo adausintha dzina n'kukhala Leverville.

Mitengo ya kanjedza inalipo kale m'derali, ndipo eni nthaka ankakolola okha, kudya ndi kugulitsa monga afunira. Pangano litasainidwa, nkhalango zomwezo zidasanduka za kampani. Ntchito yake inali yoopsa: munthu ankakwera mtengo wautali atadzimanga chingwe m'chiuno, kudula mikoko yolemera ya zipatso, n'kuisenza mpaka pa sikelo ya kampani. Malipiro anali ochepa moti ambiri sankafuna kulembedwa. Pamenepo kampani idadalira maofesala a boma ndi mafumu kuti azigwira anthu m'midzi. Msonkho wolipira ndi ndalama unkathandizanso kukankhira amuna ku ntchitoyo, popeza kunalibe kwina kopezera ndalama.

Phindu lidapita ku England. Kumeneko Lever anali atamangira antchito ake mudzi wa Port Sunlight kufupi ndi Liverpool, ndipo mu 1922 adatsegulako muzeu ya Lady Lever Art Gallery. Pofika 1930 kampani yake inali itaphatikizana ndi kampani ya majarini ya ku Holland n'kupanga Unilever. Kuyambira 2000 mpaka 2012 Unilever inkalipirira ziwonetsero zikuluzikulu mu muzeu ya Tate Modern ku London. Aluso a ku Lusanga amatchula mbiri imeneyi kawirikawiri ponena kuti thukuta la makolo awo lidamanga nawo nyumba zaluso zomwe iwo sadalowemo.

Kuukira kwa Apende mu 1931

Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, mtengo wa mafuta a kanjedza udatsika kwambiri. Makampani a m'chigawo cha Kwilu, kuphatikizapo Huileries du Congo Belge ndi Compagnie du Kasai, adatsitsa ndalama zomwe ankapatsa odula zipatso, koma boma silidafewetse msonkho. Kugwira anthu kudapitirira, ndipo amayi ankachitidwa nkhanza ndi chipongwe ndi ena mwa olemba antchito. M'midzi ya Apende mudabuka gulu lachipembedzo la Tupelepele, lomwe linkauza anthu kuti ataye zinthu za azungu, aleke kupereka msonkho ndipo ayembekeze thandizo la mizimu ya makolo.

Mu Juni 1931 Balot adafika pamudzi wa Kilamba pa ntchito ya boma, ndipo adaphedwa pomwepo. Thupi lake lidadulidwa, ziwalo n'kugawidwa kwa atsogoleri a midzi yomwe idalowa nawo m'kuukirako. Boma la atsamunda lidatumiza asilikali a Force Publique ndi mfuti zamphamvu. Pofika mwezi wa Seputembala anthu mazanamazana anali ataphedwa, midzi itawotchedwa, ena atakwapulidwa ndi kumangidwa. Woweruza wa ku Belgium komweko, Eugène Jungers, yemwe adatumidwa kukafufuza, adapeza kuti nkhanza za polemba antchito a makampani a mafuta zinali pakati pa zifukwa zazikulu za chipolowecho.

Mbiri yotere si yachilendo m'chigwa cha Zambezi. Mu 1917 anthu a ku Barue adaukira Apwitikizi chifukwa cha chibalo cha pamsewu ndi kugwidwa kwa amuna okasenza katundu wa nkhondo, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri adathawira ku Nyasaland pothawa chibalo ndi ulimi wokakamiza wa thonje. Ku Kwilu mbewu inali kanjedza m'malo mwa thonje, koma goli lake linali lomwelo.

Chifukwa chosemera mdani

Munthu woona chosemachi koyamba angaganize kuti Apende adafuna kulemekeza mzungu. Mu 2016 akatswiri Herbert Weiss, Richard Woodward ndi Zoë Strother adafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti sizinali choncho. Mwa chikhulupiriro cha Apende, munthu wofa imfa yoopsa amasiya mzimu wokwiya womwe ungabwerere kudzavutitsa mudzi. Chosemacho chinali chotsekeramo mzimu wa Balot, kuti usawononge, ndiponso kuti mphamvu yake igwirire ntchito anthu omwe iye ankawazunza ali moyo. Tinganene mwachidule kuti chinali chotsirikira mudzi.

Apa ndi pomwe pagona mkangano wonse wa zinthu za m'mamuzeu. Ku muzeu chosema amachiika m'bokosi lagalasi, n'kulemba pambali dzina la mtundu, chaka ndi mtengo womwe adasemera. Alendo amayamikira luso la wosema n'kupita. Kwa eni ake chinali ndi ntchito yake, malo ake osungira ndi anthu oyenera kuchikhudza. Odziwa gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, amamvetsa msanga mfundoyi: chilombo chimadziwika pabwalo, pali ng'oma, nyimbo ndi chifukwa chomwe chatulukira. Chikachotsedwa pamenepo n'kupachikidwa pakhoma kutsidya kwa nyanja, chimatsala chooneka ndi maso chokha.

Momwe chidafikira ku America

Congo idalandira ufulu mu 1960. Mu 1972, m'nthawi ya ulamuliro wa Mobutu Sese Seko, Herbert Weiss, mphunzitsi wa zandale wa ku City University of New York, adagula chosemachi ali pa ulendo wa kafukufuku m'dera la Apende. Mu 2015 chidakhala katundu wa muzeu ya ku Richmond.

Njira imeneyi imachititsa kuti mlandu wake ukhale wovuta. Chosemachi sichidalandidwe ndi asilikali monga zidachitikira zinthu zina. Chidagulidwa, ndiponso dziko litalandira kale ufulu, kotero pamalamulo muzeu ndiyo mwini wake. Koma anthu a ku Lusanga amafunsa ngati malonda ochitika pakati pa mlendo wa ndalama ndi mudzi wosauka angathetse umwini wa chinthu chomwe chidasemedwa kuti chiteteze mudzi wonse.

Dongo, chokoleti ndi malo

Mu 2014 anthu ena a ku Lusanga ndi madera ozungulira adakhazikitsa gulu la Cercle d'Art des Travailleurs de Plantation Congolaise, mwachidule CATPC, kutanthauza gulu laluso la antchito a m'minda ya makampani ku Congo. Mtsogoleri wake ndi René Ngongo, katswiri woteteza nkhalango yemwe adalandira mphotho ya Right Livelihood mu 2009. Ena mwa aluso odziwika a gululi ndi Ced'art Tamasala, Matthieu Kasiama, Mbuku Kimpala ndi Irène Kanga. Gululi limagwira ntchito limodzi ndi Renzo Martens, waluso wa ku Holland.

Kagwiridwe kawo kali motere. Amaumba ziboliboli ndi dongo la kumtsinje, zosonyeza mbiri ya mabanja awo, mizimu ya makolo, mabwana a makampani ndi ogula zaluso. Popeza dongo silingapirire ulendo wautali, choumbacho amachijambula mbali zonse ndi makina, n'kutumiza muyeso wake pa intaneti ku Ulaya. Kumeneko amapanga chikombole n'kuthiramo chokoleti, nthawi zina chosakaniza ndi mafuta a kanjedza ndi shuga. Kusankha chokoleti kuli ndi tanthauzo: koko, kanjedza ndi nzimbe ndi mbewu zomwe antchito a m'maesiteti akhala akulima popanda kulawa phindu lake. Mlimi wogulitsa thumba la koko amalandira zochepa, koma koko yemweyo akasanduka chiboliboli chokhala ndi dzina la woumba amagulidwa pamtengo wokwera kwambiri.

Mu 2017 ntchito zawo zidawonetsedwa ku SculptureCenter mumzinda wa New York. Chaka chomwecho adatsegula nyumba yawoyawo yowonetseramo zaluso ku Lusanga, pamalo pomwe kale panali munda wa kampani. Adaitcha White Cube, dzina lomwe aluso a kunja amatchulira zipinda zoyera mbee za m'mamuzeu, ndipo mapulani ake adajambulidwa ndi kampani ya OMA ya ku Holland.

Ndalama zochokera ku zoumbazi amagulira malo. Nthaka yomwe idalimidwa mbewu imodzi kwa zaka zambiri idaguga, choncho akagula amabzalamo mitengo yamitundumitundu, ya zipatso ndi ya mankhwala, pamodzi ndi mbewu za chakudya. Pofika 2024 gululi linali litawombola mahekitala pafupifupi 200, ndipo mbali ina ya malowo amaitcha nkhalango yopatulika.

Kupempha ndi kukanidwa

Mu 2020 Kasiama ndi Tamasala adapita ku Richmond kukaona chosema cha Balot ndi maso, ndipo adapempha kuti muzeu iwabwereke kuti chikawonetsedwe ku White Cube. Ulendowo udajambulidwa m'makanema otchedwa Plantations and Museums. Mamuzeu sabwereketsa zinthu mwachisawawa: amafuna inshuwalansi, alonda ndi chipinda chosatentha kapena kuchita chinyezi. Zaka ziwiri zidadutsa popanda tsiku lenileni loti chosemacho chidzabwere.

Mu Febuluwale 2022 gululi lidachita zomwe muzeu sinkayembekeza. Lidatenga zithunzi za chosemacho pa tsamba la pa intaneti la muzeu n'kupanga nazo NFT. NFT ndi chiphaso cha pa kompyuta, cholembedwa m'kaundula wa pa intaneti wovuta kufufuta, chosonyeza mwini wa chithunzi kapena kanema. Wogula salandira chosema chenicheni. Zili ngati chikalata cha DUAT, chomwe sichili munda weniweni koma chimasonyeza yemwe ali ndi ufulu pa mundawo. CATPC idakonza ziphaso pafupifupi 300, chilichonse pamtengo wogulira hekitala imodzi ya malo ku Lusanga. Maganizo awo anali akuti ngati mtengo wosemedwawo watsekeredwa ku America, mphamvu yake ikhoza kugwirabe ntchito yomwe idasemedwera, yoteteza anthu ndi nthaka yawo.

Muzeu idakwiya. Idati zithunzi zake zagwiritsidwa ntchito pa malonda popanda chilolezo, mosemphana ndi malamulo ake, ndipo idati zobwereketsa zalephereka. Nyuzipepala zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America zidalemba nkhaniyi, ndipo funso lomwe lidamveka kwambiri linali lakuti: ngati zidzukulu za osema sizingagwiritse ntchito ngakhale chithunzi cha chosema cha makolo awo, ndiye chatsala m'manja mwawo n'chiyani?

Kubwera kwa chiboliboli mu 2024

Zinthu zidasintha pomwe dziko la Holland lidasankha CATPC, pamodzi ndi Martens ndi wokonza ziwonetsero Hicham Khalidi, kuti aliyimire pa chiwonetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice m'dziko la Italy, chomwe chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Pa nthawiyi muzeu ya ku Richmond idavomera kubwereketsa. Kuyambira Epulo mpaka Novembala 2024 chosema cha Balot chidakhala mu White Cube ku Lusanga, patatha zaka zoposa 50 chichokereni m'dziko la Apende. Anthu adachilandira ndi mwambo, nyimbo ndi magule.

Chiwonetserocho chidachitika malo awiri nthawi imodzi. Ku Venice kunali ziboliboli za chokoleti, ku Lusanga kunali Balot, ndipo makamera ankalumikiza malo awiriwa kuti alendo a ku Venice aziona anthu a ku Lusanga, a ku Lusanga aziona a ku Venice. Ofuna kuona chosema chenichenicho ankayenera kupita kumudzi. Gululi lidawonetsanso kanema momwe anthu a m'mudzi akuzenga mlandu nyumba yoyera ija, monga woimira mamuzeu onse omwe adadyerera thukuta la m'minda ya makampani, n'kuigamula kuti ibweze zomwe idatenga.

Zomwe anthu amatsutsana

Si onse omwe amayamikira njirayi. Ena amati dzina lomwe limatchuka kwambiri kunja ndi la Martens, mzungu, ndipo amakayika ngati alimiwo alidi ndi mawu omaliza pa ntchitoyi. Mamembala a CATPC amayankha kuti gululo ndi lawo, zoumba ndi zawo, malo ogulidwawo ndi awonso. Ena amafunsa chifukwa chomwe anthu ayenera kugula ndi ndalama nthaka yomwe makolo awo adalandidwa popanda malipiro. Enanso amati kubwereka si kubweza: wobwereka amavomereza kuti chinthucho ndi cha mnzake, ndipo tsiku likakwana amachipereka.

Nkhani ya kubwereka idabukanso mu Juni 2022, pomwe Mfumu Philippe ya ku Belgium idapita ku Kinshasa ndi chigoba chachikulu cha Asuku chotchedwa Kakuungu. Chidaperekedwa monga chobwereketsa chopanda tsiku lobweza. Chaka chomwecho Belgium idapatsa boma la Congo mndandanda wa zinthu pafupifupi 84,000 zomwe zili mu muzeu ya ku Tervuren, ndipo idakhazikitsa lamulo lolola kubweza zomwe zidzapezeke kuti zidatengedwa mwachinyengo kapena mwankhanza.

Momwe aluso ena ayankhira

Ku Tervuren komweko, muzeu itatsegulidwanso mu 2018, waluso wa ku Congo Aimé Mpane adaika chosema chake chachikulu cha mutu wa munthu wa ku Africa pakati pa chipinda chomwe muli ziboliboli zakale zotamanda utsamunda. Freddy Tsimba, nayenso wa ku Congo, adakonza kuti dzuwa likawala pawindo, pakhoma pazioneka mayina a anthu a ku Congo omwe adafera ku Belgium, kuphatikizapo asanu ndi awiri omwe adamwalira mu 1897 atabweretsedwa kudzawonetsedwa kwa anthu ngati nyama. Khomalo kale linali ndi mayina a azungu okha.

Ku Nigeria, asilikali a Britain adafunkha nyumba ya mfumu ya Benin mu 1897 n'kutenga zinthu zamkuwa ndi minyanga zikwizikwi. Mu 2010 Peju Layiwola, mdzukulu wa Mfumu Akenzua II, adawonetsa ku Lagos mitu yambirimbiri youmbidwa ndi dongo, yokumbutsa mitu yamkuwa ya mafumu yomwe idamwazikana m'mamuzeu a kunja.

Ufumu wa Benin wa ku Nigeria ndi wosiyana ndi dziko lomwe lero limatchedwa Benin, komwe kale kunali ufumu wa Dahomey. Mu Novembala 2021 France idabwezera dzikolo zinthu 26 zomwe asilikali ake adatenga ku Abomey mu 1892. Mati Diop adapanga kanema wotchedwa Dahomey wotsatira ulendo wa zinthuzo, momwe chiboliboli cha Mfumu Ghezo chimayankhula m'chiyankhulo cha Fon chili m'bokosi, ndipo ophunzira a pa yunivesite amatsutsana ngati 26 ndi chipambano kapena chipongwe poyerekeza ndi zikwi zomwe zidatsala. Kanemayu adapambana mphotho yayikulu pa chikondwerero cha makanema cha ku Berlin mu 2024.

Aluso onsewa amakana kuti muzeu ikhale yokha yofotokoza tanthauzo la zinthu za makolo awo. Alimi a ku Lusanga adawonjezerapo nkhani ya munda. Kwa iwo chosema ndi nthaka zidachoka pa chifukwa chimodzi, choncho kubweza chosema kumudzi komwe anthu alibe polima n'kubweza theka. Pamapepala chiboliboli cha Balot chikadali cha muzeu ya ku Richmond, ndipo kukhala kwake ku Lusanga kunali kwa miyezi yowerengeka. Malo omwe adawomboledwa ndi ndalama za zoumba ali m'manja mwa gululi, ndipo mitengo yomwe idabzalidwamo ikukula.